W wa Tsindwi

Ku Delft ndege sizichititsanso munthu kutukula mutu. Dera limeneli, lomwe lidayamba kumangidwa mu 1989 pamchenga wa Cape Flats, lidatsamira mpanda wa bwalo la ndege la Cape Town chakum'mawa, kotero kuti mkokomo wa injini udasakanikirana kalekale ndi kulira kwa ana, kuuwa kwa agalu ndi mahutala a matakisi. Amene adatcha mayina zigawo zake adakawabwereka ku Holland: Leiden, Eindhoven, The Hague. Kalembera wa mu 2011 adapezako anthu oposa 150,000, ambiri a iwo olankhula Chiafrikaans ndi Chixhosa. M'khamu limenelo muli Amalawi, ndipo mwa Amalawiwo muli bambo wina wa zaka zopitirira pang'ono 40, wokonza mafoni m'kontena yachitsulo m'mbali mwa msewu waukulu. Iyeyu yekha, ndege ikamadutsa, amaika pansi chida chili m'manja nayang'ana kumwamba mpaka itazimirira.

Chibadwire sadakwereko ndege. Ku Joni adabwera pa basi mu 2010, chaka cha mpira wa dziko lonse, kudzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kenaka ulendo wina wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchoka ku Johannesburg kufika ku Cape Town. Chodabwitsa n'chakuti agogo ake aamuna, amene sankatha ngakhale kulemba dzina lawo, adapita ku migodi akuuluka. M'zaka zimenezo Wenela inkanyamula amuna a ku Malawi pa ndege kukawatula ku Francistown, kumene ankakwera sitima yapamtunda kupita ku migodi. Zidatero mpaka pa 4 Epulo 1974, pamene ndege ina idagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa kaye ulendo wa ku migodi. Agogowo adali atabwerako kale, ndi njinga, sutikesi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mng'ono wawo ndiye sadabwerere konse. Ameneyo ndiye mtchona wa banjalo, munthu amene dzina lake limatchulidwa motsitsa mawu.

Pakati pa agogo ouluka ndi mdzukulu woyenda pansi padali mphunzitsi. Bambo ake a wokonza mafoniyu adaphunzitsa Chichewa m'sukulu za pulayimale za m'boma la Kasungu kwa zaka zoposa 30. Uphunzitsi adauyamba m'nyengo imene chiyankhulochi chidali chitangokwezedwa kumene: msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party wa mu 1968 udachisandutsa chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene chaka chotsatira lidatulutsa malamulo a kalembedwe. Mwa zonse za m'mabuku a nthawiyo, aphunzitsiwa adakonda koposa lembo limodzi, ŵ, limene ankalitcha w wa tsindwi. Mwana akalemba mawu oti nthaŵi, kudziŵa kapena Malaŵi n'kusiya kadenga kaja, cholembera chofiira chinkatera pomwepo. “Nyumba yopanda tsindwi sagonamo munthu,” ankatero, akubweza kope. Ana a m'nyumba mwawo ndiwo adaumva mwambiwo koposa ana a eni.

Sikudali kuuma mtima chabe. Lembolo limaimira liwu lenileni, limene akuluakulu a ku Kasungu, Mchinji ndi kum'mawa kwa Zambia amalimva bwino lomwe. Potchula w wamba, monga wa m'mawu oti iwe, milomo imasongoka ngati ya munthu woimba mluzu. Potchula ŵ milomo imayandikana mofatsa ngati ikufuna kutchula b, koma sigundana; mpweya umadutsa pakati pake. N'chifukwa chake Apwitikizi, atalimva liwuli, adaliyesa v: António Gamitto, amene adadutsa m'dziko la Achewa pa ulendo wa kwa Kazembe mu 1831, adalemba za Maraves ndi Chevas. Akatswiri oyerekeza ziyankhulo za Chibantu adaonetsa kuti ŵ ndi mdzukulu wa b wakalekale, amene m'ziyankhulo zina akadali moyo. Umboni wake umadutsa tsiku ndi tsiku pakhomo pa kontena ya ku Delft ija. Pamene Mchewa amati kuŵira kwa madzi, Mxhosa amati ukubila. Anthu aŵiri a Mchewa ndiwo ababini a Mxhosa. Ndipo kuiŵala iye amati ukulibala.

Dzanja silidavutikepo ndi tsindwi limeneli. Choko, pensulo, ngakhale chala pamchenga, zimalimanga m'kuphethira kwa diso. Mavuto adadza ndi makina. Mataipi a m'maofesi adapangidwira Chingerezi, choncho mlembi wofuna kulemba dzina la dziko lake molongosoka ankatsiriza kaye kalata yonse, kenaka n'kudutsamo ndi cholembera kufolera w aliyense woyenera kufoleredwa. Makompyuta nawo adayamba ndi mndandanda wa zizindikiro 128 wotchedwa ASCII, wa m'zaka za m'ma 1960, momwe mudalibe malo a lembo lililonse lovala kanthu kumutu. Kaundula wamkulu wa Unicode, amene adayamba kutuluka mu 1991, adapatsa ŵ nambala yake, 0175, ndipo Ŵ wamkulu 0174. Koma kukhala ndi nambala m'kaundula ndi kwina, kukhala ndi batani pa kiyibodi ndi kwinanso. Lembo lopanda batani lili ngati mudzi wopanda msewu: ulipo ndithu, koma amafikako ndi okhawo amene ali ndi chifukwa.

Zaka zoyamba za ku Delft, bambo ndi mwana ankalumikizana pa mameseji a SMS. Uthenga umodzi wotere umalola zilembo 160, bola zonse zichokere mu alifabeti yaing'ono imene idakonzedwera mafoni. Mukangolowa lembo limodzi lachilendo, foni imasintha kalembedwe ka uthenga wonse, ndipo malire amatsika kufika pa 70. Tsindwi limodzi, tsono, lidali lokwanira kusandutsa uthenga umodzi kukhala mauthenga atatu, mayunitsi n'kutheratu. Komanso pa foni yamabatani ya aphunzitsiwo padalibe n'komwe njira yolipezera. Adagonja, koma mwa njira yawoyawo. Za moni ndi za mitengo ya feteleza ankazitumiza pa foni. Zofunika ankazilemba papepala n'kupatsira madalaivala onyamula katundu pakati pa Lilongwe ndi Joni. Kalata inkafika patapita milungu, itapindikapindika, ikununkha usipa wa m'matumba a eni, koma tsindwi lililonse lili m'malo mwake. Ndipo iliyonse inkatha ndi mawu amodzimodzi: Usaiŵale kwanu.

Chikondi cha ndege adachibzala ndi aphunzitsi omwewo. M'zaka za m'ma 1990 adakweza kalasi yawo pa lole kukaona bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe lidatsegulidwa mu 1983. Mwana wawo adaima pamalo oonerera, kukamwa kuli yasa, Boeing 737 ya Air Malawi yotchedwa Kwacha ikuthamanga ndi kusiya nthaka ngati kuti n'chinthu chapafupi. Pobwerera adalengeza pa lolepo kuti iye adzakhala woyendetsa ndege. Koma sukulu yotere siilipirika ndi malipiro a mphunzitsi wa pulayimale, ndipo lotolo lidafota monga amafotera maloto ambiri a ana a kumudzi. Lidaphukanso mu 2016, pamene kasitomala wina adasiya kompyuta yakufa m'kontena muja osabweranso kudzaitenga. Ataiukitsa, adapezamo Microsoft Flight Simulator X, sewero loyendetsa ndege lomwe lidatuluka mu 2006.

Kulitcha sewero n'kulichepetsa. Pagalasi pamabwera chipinda cha woyendetsa ndege ndi mawotchi ake onse: wa liwiro, wa kutalika kuchoka pansi, wa mafuta, wa kampasi. Munthu amayenera kuphunzira kuti ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo. Kuti akaikweza mphuno mopitirira muyeso mapiko amaleka kuinyamula ndipo imagwa ngati mwala. Kuti manambala olembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege amanena mbali ya kampasi imene msewuwo waloza. Apa ndi pamene adamvetsa zimene adakhala akuziona kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Msewu waukulu wa bwalo la Cape Town, wotalika makilomita oposa 3, ndi 01 mbali ina ndi 19 mbali inayo, ndipo m'chilimwe, mphepo ya kummwera chakum'mawa ikamakuntha malata a ku Blikkiesdorp, ndege zimanyamukira pa 19 kuloza ku nyanja ya False Bay. M'seweromo mudali mabwalo oposa 24,000 a dziko lonse lapansi. Iye adalemba zilembo zinayi, FWKI, ndipo adangozindikira ali ku Lumbadzi.

Usiku womwewo adajambula zimene zidali pagalasi, kandege kakang'ono kali chilili pamsewu wa ndege wa ku Lumbadzi, n'kutumiza chithunzicho pa gulu la banja la pa WhatsApp. Nthawi imeneyo aphunzitsi, atapuma kale ntchito, adali ndi foni yamakono imene iye adawatumizira. Pansi pa chithunzi adalemba kuti: “Bambo, ndafika ku Malawi. Muzidziwa kuti mwana wanu ndi pailoti tsopano.” Alongo ake adaseka, adzukulu adatumiza tinkhope tachikasu tosekerera ndi tindege. Aphunzitsi adakhala chete mpaka m'mawa mwake. Yankho lawo lidabwera ngati chithunzinso: pepala la m'kope, lojambulidwa ndi foni, lolembedwa ndi dzanja lija lopendekera kumanja.

“Mwananga, chithunzi n'chokongola, ndipo ndakondwa kuti za ku Lumbadzi zija ukuzikumbukira. Koma dziko limene wafikakolo ine sindikulidziŵa. Lathu lili ndi tsindwi.”

Mawuwa adamulasa kuposa mmene wolembayo adaganizira. Kodi tsindwi lenileni la nyumba ya bambo ake, malata onse, misomali ndi matabwa, adagula ndani? Si iye, ndi ndalama zimene adazisonkhanitsa atawerama pa mafoni a eni, akugona m'kachipinda kamalata kuseri kwa nyumba ya munthu? Kwa masiku angapo sadayankhe. Koma manyazi ena adamugwira, a mmisiri: iye amene anthu ankamubweretsera mafoni omira m'madzi kuti awadzutse, sankadziwa pamene pabisala lembo la pakati pa dzina la dziko lake. Adayamba kufufuza. Adapeza kuti mu Microsoft Word munthu akalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, manambalawo amasanduka ŵ. Adalikopera, n'kulisunga pa foni ngati mbewu, kuti azilitapa akalifuna. Pambuyo pake adazindikira kuti pa mafoni ena lembolo limatuluka munthu akakanikiza w osachotsa chala, ndipo pa ena njira yachidule ndi kuika kiyibodi ya chiyankhulo cha ku Wales, kumene ŵ amaimira liwu lina ndithu, monga m'mawu oti dŵr, kutanthauza madzi. Mmalawi wokhala ku South Africa adakabwereka tsindwi ku Wales kuti afolere dzina la kwawo.

Kulipeza lembolo kudali kupepuka. Kudziwa poliika ndiye kudali ntchito. Khutu lake lidali litaleka kulimva. Zaka za ku sekondale, za m'tauni ya Lilongwe ndi za ku Joni zidamusalazira w onse kukhala amodzi. Poyamba adafolera aliyense amene adakumana naye, mpaka adalemba iŵe, ndipo chithunzi cha pepala chidabwera ndi mzere wofiira ndi funso loti, “Ameneyu wamuveka chipewa cha yani?” Adayamba kufunsa liwu ndi liwu, aphunzitsi n'kumayankha mokondwa ngati munthu amene wabwezeredwa kalasi. Kenaka adatulukira yekha kachinsinsi: akakayika, ankatchera khutu kwa makasitomala ake. Mawu amene Axhosa amawatchula ndi b, kawirikawiri ndi omwewo amene kwawo amafuna tsindwi. Anthu amene ena a iwo ankamuitana ndi dzina lonyoza la alendo adali atasunga m'kamwa mwawo, mosadziwa, liwu la makolo a Achewa.

Chilungamo chake n'chakuti aphunzitsiwo ankamenya nkhondo imene idali itatha kale. Olankhula Chichewa ambiri, makamaka a kummwera ndi a m'matauni, satchula ŵ mosiyana ndi w, ndipo palibe amene amasokera chifukwa cha zimenezo. Chichewa Board idatha, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Nyuzipepala ndi mabuku ambiri zidasiya lembolo mwakachetechete, ngakhale kuti Buku Loyera la mu 1998 lidalisunga. Chiyankhulo sichifa chifukwa chotaya liwu limodzi. Chichewa chomwecho chidataya kale b wa m'mawu oti anthu, amene Mtumbuka amati ŵanthu ndipo Mxhosa amati abantu, koma chikadali chamoyo ndi chathanzi. Zonsezi aphunzitsiwo ankazidziwa. Chimene ankayang'ana m'mauthenga a mwana wawo sichidali galamala. Ndalama mtchona amathanso kutumiza, zaka zoyamba. Koma munthu amene waima pakati pa uthenga, n'kusiya njira yapafupi imene chala chidazolowera, n'kupita kukatenga kalembo kamene palibe akumukakamiza, ameneyo akadali ndi kwawo. Tsindwi lidali muyeso wawo woonera ngati magazi a mng'ono wa bambo awo ayamba kuyenda mwa mwana wawo.

Pa 27 Malichi 2020 dziko la South Africa lidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ndege zonyamula anthu zidaima. Anthu a ku Delft adatukula mitu tsopano, osati chifukwa cha phokoso koma chifukwa cha bata. Mu Ogasiti chaka chomwecho kudatuluka Microsoft Flight Simulator yatsopano, yosiyana ndi zakale zonse. Yakale ija inkajambula Malawi mongoyerekeza: tchire lofanana paliponse, midzi yosadziwika mwini. Yatsopanoyi idayala pansi zithunzi zenizeni zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, za mapu a Bing, ndipo makina ankadzutsa nyumba ndi mitengo pamene aona mthunzi wake. Inkafuna kompyuta yamphamvu ndi intaneti yochuluka. Wokonza mafoni uja adatola zipangizo apa ndi apo kwa miyezi iwiri, ndipo ankauluka pakati pa usiku, nthawi imene bandulo imatsika mtengo.

Usiku wina wa mu Okutobala adanyamuka ku Lumbadzi pa Cessna 172, naloza kumpoto, osadalira mawotchi koma maso. Msewu wa M1 udali pansi pake ngati ulusi. Adadutsa Mponela, adadutsa Madisi, adawoloka Bua popanda mlatho, ndipo phiri la Kasungu lidatulukira patsogolo monga limatulukira kwa munthu wa pa basi, kungoti tsopano ankaliyang'ana chotsitsa maso. Adatembenuka kutsata msewu wafumbi umene mapazi ake ankaudziwa. Adaona bwalo la mpira la pasukulu, dambo, kenaka kamsitu kakuda ka kumanda. Ndipo apo, pambali pa njira, pakati pa madenga otuwa a udzu, padali kadontho kowala. Makinawo adali atadzutsapo nyumba ya maonekedwe achilendo, ndipo mitengo yake siidali mango. Koma malo adali omwewo, ndipo kuwalako kudali kwa malata ake, amene adawagula koma sadawaonepo. Ali kumwamba munthu saona khomo, saona nkhope. Amaona matsindwi okhaokha. Adazungulira kanayi, manja akunjenjemera pa kandodo kowongolera, najambula. Pansi pa chithunzi adalemba mosafulumira: “Bambo, tsindwi lanu ili. Sindidaiŵale.”

Ulendo uno yankho silidadikire kucha. Aphunzitsi, amene tulo tidali titayamba kuwathawa, adalemba pepala lawo pa kuwala kwa tochi.

“Ndaliona, mwananga. Ndi lomweli, ndipo silidontha. Mawu akonso lero sakudontha. Koma taona pabwalopo: palibe munthu, palibe mbuzi, ngakhale nkhuku. Ukadzabwera ndi miyendo udzatipeza. Nthaŵi ikadalipo, koma si yambiri.”

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwaukali m'maiko onse awiri. Pa 11 Januwale South Africa idatseka zipata zake zapamtunda, kuphatikizapo Beitbridge, ndipo patangopita masiku ochepa mlongo wake adaimba foni m'bandakucha. Mlendo ankaloledwa kutuluka, koma mapepala a wokonza mafoniyu adali oti akatuluka, kubwereranso n'kwa mwayi. Mkazi wake ndi mwana akadatsala ndi kontena yotseka. Ngakhale akadanyamuka tsiku lomwelo, ulendo wa masiku atatu kapena anayi sukadapeza maliro, pakuti a nthawi imeneyo sankagonetsa. Adatumiza ndalama ya bokosi. Amalawi anzake a kutchalitchi adabwera kudzakhala naye panja, motalikiranatalikirana, nyimbo zikutulukira m'nsalu zophimba pakamwa. Mwambo wa kumanda adauonera pa foni, chithunzi chikuima n'kuyendanso, mpaka netiweki idaduka bokosi lisadatsike. Mtunda wa makilomita pafupifupi 2,700 umene ankaudumpha ndi zilembo zinayi udabwerera wonse usiku umenewo n'kumukhalira pachifuwa. Kompyuta adaiphimba ndi chitenje, ndipo idakhala yophimba miyezi yambiri.

Chaka chotsatira, anthu atakolola, banja lidagwirizana zomanga chiliza. Iye adatumiza ndalama ya simenti ndi njerwa, pamodzi ndi mawu oti alembedwepo. Mlongo wake adawapititsa kwa mmisiri, mnyamata amene foni yake yakale idaonetsa kabokosi pamalo pa lembo lachilendolo. Mnyamatayo adafunsa kuti kabokosiko n'ka chiyani, ndipo atamufotokozera adaseka, nati zimenezo zidatha ndi Kamuzu.

“Achimwene,” adatero mlongoyo pa foni, “akuti tingolemba w wamba. Ndani adzaime pamanda kuwerenga timadenga?”

“Chemwali,” adayankha iye, “amene adzawerenge ali pansi pomwepo.”

Adatenga pepala ndi cholembera, nalemba mawuwo ndi zilembo zikuluzikulu monga ankachitira bambo ake, n'kujambula pepalalo ndi foni. Mmisiri uja, ataona ndi maso, sadavutike konse. Simenti ikadali yaiwisi adatenga msomali n'kulemba, ndipo madzulo ake chithunzi chidafika ku Delft: SITIDZAKUIŴALANI. Tsindwi lake lidapendekeka pang'ono ndipo lidakula kuposa muyeso, ngati denga la nkhokwe. Chinthu chimene chidavuta taipi, kompyuta ndi foni kwa zaka makumi ambiri, msomali udachimaliza ndi mizere iwiri.

Masiku ano chitenje chidachoka pa kompyuta. Loweruka usiku, kontena ikatsekedwa, amanyamukabe ku Lumbadzi kutsata M1. Chithunzi cha pansi chimene amaulukapo chidajambulidwa aphunzitsi akadali moyo, ndipo kumanda sikuoneka kanthu koma mitengo, pakuti manda a Achewa amabisala m'msitu. Chiliza chija ndege iliyonse singachione. Pambali pake pamakhala mwana wake wamkazi wa zaka 11, wobadwira ku Delft, amene Chixhosa chimamuyenda pakamwa kuposa Chichewa. Ndiye amasankha chithunzi choti chitumizidwe kwa azakhali ake, ndipo ndiye amalemba mawu a pansi pake, chala chikudikira pa w mpaka tsindwi litatuluka.

Tsiku lina adafunsa tanthauzo la mawu a pachiliza cha agogo ake. Bambo ake adamuuza.

“Ndiye ndi ukulibala, Adadi?”

“Ndi yemweyo. Kungoti usatseke milomo. Iyandikane basi, mpweya udutse.”

Mwanayo adayesa kawiri, ndipo kachitatu liwu lidatuluka, lofewa, la pakati pa b ndi w, loyera kuposa mmene bambo akewo amalitchulira. Iye adalimva komaliza pakhonde la ku Kasungu, m'mawa wa tsiku limene adakwera basi. Sadanene kanthu, adaimitsa ndege m'malere, natuluka panja kukaima kanthawi.

Pansi pa tebulo la m'kontena pali chitini chimene amaponyamo ndalama foni iliyonse yovuta ikadzuka, ndipo mapepala ake akuwakonza. Mwanayo adapempha kuti akadzapita adzakwere ndege, pakuti bwalo lili pakhomo pomwepa. Bambo ake adakana. Akuti adzapita pa basi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Dedza, kuti mtsikanayo adzaone mtunda wonse ndi maso ake, ndi kuti akadzafika, adzalowere pakhomo.